A Felesiya Ali Kuseri kwa Khoma

Lachiwiri, 17 Juni

...ndiye nditayetsemula kachiwiri, ng'ombe zinadzidzimuka n'kuliyatsa liwiro ndi ngolo yomwe, mabelo a fodya ali pamwamba, kuchokera kudambo la kwathu mpaka pamsewu wa tala ku Nathenje osapumira. Mwini fodya pofika pa njinga yake anapeza katundu titatsitsa kale, ine ndikumwa tiyi. Kachitatu sindinayetsemule. Ndinamvera chisoni malata a anthu.

Nkhaniyi ndimawasimbira a Pitala, a bedi loyandikana ndi langa, koma chifuwa chinandidula pakati. Mwana wanga Tiyanjane ndiye wandigulira kope ili. Akuti, "Ababa, chikukudwalitsani ndi pakamwa. Mabodza anuwo muzilemba, mapapo apumeko." Ndiye ndayamba.

Ndine Zakeyu, woyendetsa ngolo, wodziwika kuyambira ku Mitundu mpaka kumene msewu umathera. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5 aphunzitsi atasowa choti andiphunzitse.

Tinagonekedwa dzulo, ine ndi mayi akunyumba, a Felesiya, amake Tiya. Tinabwera pa ngolo imodzi titafunda bulangete limodzi, koma pakhomo anatilekanitsa ngati mbuzi pamsika, amuna uku, akazi uko. Wodi yawo ili kuseri kwa khoma limene ndatsamirali.

Zanga: thupi kutentha 39, panado katatu patsiku, makapisozi a chifuwa katatu patsiku, diripi imodzi yatha. Pali kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi, ine kakuti 94. Amake Tiya kakuti 87. Awaika pa makina a mpweya, timapaipi m'mphuno, ndi jakisoni wa mumtsempha kamodzi patsiku. Adokotala akuti chimfine chawaitanira chibayo, ndiye chakumana ndi mphumu yawo ija imawavuta nyengo yosankha fodya.

Bedi la pano n'labwino, koma palibe wondigunda ndi chigongono ndikaliza mkonono.

Lachitatu, 18 Juni

Thupi 39.4. M'mutu muli chigayo, mwini wake sakuzimitsa.

Tiyanjane ndiye gadiyani wa tonse awiri. Mbale imodzi ikuyenda mawodi awiri. Ndinamutuma kuti, "Ukawauze amako kuti ine ndachira kale, ndikungokhala kuti anamwino asalire ndikachoka msanga." Anabwera nati sanayankhe, akupuma mothamanga, mawu sakutuluka. Ndinamutumanso uthenga wina, ndi winanso. Kenako anati, "Ababa, ine si foni."

Ndiye ndinatenga supuni n'kumagogoda khoma. A Pitala akuti, "Achimwene, kuseriko n'kosungira mabulangete. Wodi ya amayi ili kutsogolo kwake."

Ndiye kuti makoma ndi awiri. Ndagogoda mwamphamvu.

Amake Tiya 87.

Lachinayi, 19 Juni

Lero ndili ndi kamphamvu, ndilemba zambiri.

Kunabwera a Memory, namwino wa anthu a kafukufuku. Timadziwana. Mu Epulo anthu amenewa anafika pasukulu ya kwathu kufuna akuluakulu oti abayidwe katemera wa chimfine chachikulu chija amati fuluwenza. Anatitenga magazi tisanabayidwe, n'kudzatitenganso patapita mwezi. Tinapita tonse awiri. Ine ndinali woyamba pamzere, ndipo singano yoyamba inapindika, anachita kukatenga ya ng'ombe.

Tsiku logonekedwa lija a Memory anatilowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mpaka kukanda maganizo. Lero abwera ndi yankho: tonse awiri ndi fuluwenza.

Ndinati, "Ndiye mu Epulo muja munatibaya madzi a pamjigo?"

Anaseka. Akuti katemera si mpanda wa njerwa, ena amadwalabe, koma kawirikawiri matenda amafika atachepa ukali. Akuti chimene iwo akufufuza n'chakuti chimfine chimene munthu anadwalapo kale chimasintha bwanji mmene thupi limalandirira katemera. Asilikali a m'thupi amakumbukira. Munthu amene anakumanapo ndi fuluwenza, katemera akalowa amapeza asilikali odziwa kale nkhondo, amangowadzutsa. Koma kachilomboka kamasintha nkhope chaka ndi chaka, ndipo nthawi zina asilikali aja amathamangira mdani wakale, makamaka woyamba amene anakumana naye munthu ali mwana, wa chaka chino n'kumupatsa mphamvu zotsala.

Ndinati, "Mayi, mwatchula Kapitawo."

Kapitawo ndi ng'ombe yanga ya kumanja. Ndinaigula ku Diamphwe itaphunzira kale goli kwa munthu wina. Kukoka imakoka kuposa thirakitala, sindinavutike kuiphunzitsa. Koma tikafika pamphambano imakhotera kwa mbuye wake wakale, mpaka lero, ngakhale mbuyeyo anasamuka. Inzake, Jombo, ndinailera ndekha. Inachedwa kudziwa ntchito koma ilibe kwina kokhotera.

A Memory anati, "Bambo Zakeyu, mukanakhala mphunzitsi." Ndinati ndikudziwa.

Kenako anandifunsa za zimfine zimene ndinadwalapo. Apa ndiye anafika pamunda panga. Ndinawauza za chimfine cha ndili mwana chimene chinandigoneka mpaka agogo anayamba kufunsa za mphasa. Cha chaka chimene ndinakwatira, ndinalumbira kutchalitchi ndi mawu a chule. Cha chaka cha njala. Cha chaka chatha, chimene chinali chimfine cha ma chimfine. Ndinati magazi anga aja muwasunge m'botolo lolimba, angaswe firiji.

Akuti magazi ali ku labu pamodzi ndi a anthu ambirimbiri, zotsatira zidzatenga nthawi, ndipo sizidzanena za munthu mmodzi. Akutinso si chimfine chilichonse chimene chili fuluwenza, zina mwa zangazo mwina zinali zimfine wamba. Apa ndinawakhululukira, ndi mwana.

"Nanga mayi?" anafunsa.

Ndinati, "Aja sadwala chimfine. Chikwatirane sindinawamvepo akumina. Ntchito yodwala pakhomo pathu ndi yanga, yawo ndi yowiritsa mandimu."

Anangogwedeza mutu n'kupita kuwodi ya amayi. Ndinawasirira miyendo.

Lachisanu, 20 Juni

Thupi 38.2. Chala 95. Amake Tiya 86. Awonjezera mpweya.

Za a Memory zija zandikhala pamtima.

Chaka chatha chimfine chitandigwira, ndinaopa mphumu ya amake Tiya. Ndinatenga mphasa n'kukagona m'chigafa, fodya tinali titamanga kale. Ndinawaletsa kuyandikira. Chakudya ankasiya pachitsa, n'kubwerera kukaima pamtengo wa mango, ine n'kutuluka kudzatenga. Tinkacheza mokuwa ngati anthu a kutsidya ndi kutsidya kwa mtsinje. Mudzi wonse unamva kuti ndimakonda ndiwo zanji. Sanadwale. Ndinadzitama chaka chonse kuti ine Zakeyu ndinatsekera chimfine m'chigafa ngati mbuzi yakuba.

Tsopano taonani. Ine amene ndinadwala, asilikali anga anapita ku maphunziro, katemera anawapeza ali chire. Asilikali a amake Tiya anatsala pakhomo osaona nkhondo. Kodi chigafa chija sindicho chawagoneka pa makina?

Ndinawauza a Pitala. Iwo ndi wootcha makala wa kufupi ndi Dzalanyama, mapapo awo akuti ndi akuda kuposa katundu wawo. Anati, "Ndiye mumafuna mukanawatsokomolera m'kamwa ngati mphatso ya Khirisimasi?" Ndinaseka, koma sizinachoke.

Namwino wa masana atabwera ndi mankhwala ndinamupempha kuti atunge magazi anga, botolo limodzi kapena awiri, akawathire amake Tiya, asilikali anga akagwire ganyu kumeneko. Anati sizitero, imwani makapisozi.

Tiyanjane akuti amake amwa phala pang'ono. Ndamufunsa ngati mpango wawo wa kumutu uli bwino, sakonda kuonedwa imvi. Akuti anachita kuwamangirira iyeyo.

Loweruka, 21 Juni

Lero kunali nkhondo, ndipo ndilemba mmene inayendera popanda kuthira mchere. Mwina pang'ono.

Nthawi ya alendo kunabwera alamu anga a Jeremiya, mchimwene wawo wa amake Tiya, atsibweni ake a Tiyanjane. Ndiwo mwini mbumba. Ine pamudzi paja ndine mkamwini, tambala wobwereka, ngakhale ndamangapo nyumba ya malata. Anayamba kuwodi ya amayi, kenako anafika kwa ine atanyamula nthochi ndi manachesi, nkhope ili ngati kumwamba kwa Januwale. Tiyanjane ali pambuyo, maso ofiira.

Anati, "Alamu, mlongo wanga munamutenga ali bwinobwino n'kukamubayitsa. Munthu wosadziwa chimfine chibadwire, lero ali ndi mapaipi m'mphuno. Makina aja amamaliza anthu, tonse tikudziwa. Amene amaikidwapo sabwerera. Ndalankhula ndi wa galimoto, tikupita naye kumudzi."

Ndinati, "Alamu, katemera tinabayitsa mu Epulo. Ndi jakisoni wanji wobisala mpaka Juni ngati njoka ya m'nkhuni? Ndiponso ndinabayitsa nawo. Si ine ndikusenda nachesi lanuli?"

"Inu ndi chimfine ndinu pachibale."

"Mwalasa!" ndinatero, n'kuyamba kuwafotokozera za asilikali okumbukira, za nkhope yosintha, za Kapitawo ndi mphambano. Ndinafotokoza bwino kuposa a Memory. Wodi yonse inali chete.

A Jeremiya anati, "Mlongo wanga si ng'ombe."

Tiyanjane anati, "Atsibweni, amayi eni ake sananene kuti akufuna kuchoka."

"Anena bwanji atawatseka ndi mapaipi? Iwe ndiwe mwana."

Apo a Pitala anadzuka n'kukhala tsonga. Anati, "Akulu, pepani ndilowerere. Ine anandibweretsa muno atandinyamula ngati thumba la makala. Makina amenewo ndagona nawo sabata yathunthu. Amaikapo anthu amene afika kale pakhomo la manda, ndiye ena amalowadi. Koma inu munaona anthu atanyamula maambulera mvula ikugwa, mwati ambulera ndiye wagwetsa mvula? Tandipatsaniko nthochiyo, muone ngati maliro amadya."

Anadya zitatu. A Jeremiya sanaseke, koma anakhala pansi pabenchi.

Ine ndinatsika pabedi. Ndinagwada pasimenti pamaso pawo, anthu onse akuona, chinthu chimene ndinachita komaliza tsiku la chinkhoswe. Ndinati, "Alamu, mbumba ndi yanu, sindikulimbana nanu. Koma munthu uja ndi amene ndimadya naye. Musamuchotse pampweya. Ndapota nanu."

A Jeremiya anayang'ana kumbali. Kenako anati, "Dzukani, mukundichititsa manyazi. Ndidikira mpaka Lachitatu. Akapanda kusintha, ndikubwera ndi galimoto, ndipo musadzagwadenso."

Kudzuka anachita kundidzutsa ndi Tiyanjane.

Lamulungu, 22 Juni

Za dzulo zandibwezera kutentha, 38.6. Amake Tiya 88.

Amayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba kuwodi ya amayi. Nyimbo inadutsa makoma onse awiri ndi mabulangete omwe. Amaimba bwino, koma mawu achiwiri anali operewera. Ndikudziwa malo amene amake Tiya amalowera. Pamalopo panali bowo.

Sindilemba zambiri.

Lolemba, 23 Juni

Thupi 37. Chala 97. Amake Tiya 90, koma akadali pamakina.

Adokotala atafika pabedi langa ndinawagwira malaya. Ndinawauza za chigafa zonse, chitsa ndi mtengo wa mango. Ndinati, "Mundiuze zoona, bwana. Ndikanawasiya adwale chaka chatha, bwenzi lero ali pabenchi akundisendera nachesi?"

Anakhala pamphepete pa bedi, chinthu chimene sachita. Akuti n'zoona kuti thupi limene linadwalapo posachedwa nthawi zambiri limakhala lokonzekako, koma zimatengera ngati kachilombo ka chaka chatha kakufanana ndi ka chaka chino, ndipo zimenezo iwo sangazione ndi maso pabedi pano. Akutinso munthu kunena kuti sanadwalepo sizitanthauza kuti thupi lake silinakumanepo nako, ena kamawadutsa mwakachetechete, ena amadwala ali pantchito osauza munthu. Apa ndinaganiza za amake Tiya mmene amachitira mutu ukamawapweteka, amangomanga mpango mothina n'kupita kudimba.

Kenako anati, "Bambo, ndi mphumu yawo ija, chimfine cha chaka chatha chikanatha kuwagoneka pomwe agona leropa, opanda ndi katemera yemwe. Munthu saotcha nyumba kuti ana aphunzire kuzimitsa moto. Mukadzadwalanso, kagoneninso m'chigafa."

Ndinafunsa ngati katemera wawathandiza. Anati sangalumbire za munthu mmodzi, koma iwo akanakhala ine, chaka chamawa akanapita nawonso pamzere.

A Pitala akuti, "Mwamva? Chigafa chawina mlandu." Ndinati chigafa changa sichinaluzepo.

Adokotala akuti mawa nditha kutuluka. Ndinati kutuluka kupita kuti? Kunyumba kuli mipando yokha.

Lachitatu likuyandikira ngati ngolo yotsika phiri.

Lachiwiri, 24 Juni

Anditulutsa. Makapisozi otsala ndikamalizire kunja, panado ndikamva mutu. Anamwino analira mpaka anakolopa kawiri.

Sindinapite kumudzi. Ndayala mphasa kumalo ogona magadiyani, mwamuna ndekha pakati pa amayi a mapoto. Andilandira bwino, akuti ndizikawatungira madzi.

Masana ndinapita kuwodi ya amayi. Namwino anati ndikutsokomolabe, ndisalowe, ndikaime pawindo. Ndinazungulira kuseri, kudutsa pamene amayanika zovala, n'kukwera panjerwa. Bedi la amake Tiya lili pafupi ndi windo lachiwiri.

Atangondiona anadzuka, n'kukankhira timapaipi pambali, nati, "A Mbewe, ndinu amene mumagogoda khoma ngati chiswe? Mwasowetsa mtendere chipatala chonse. Taonani mmene mwaondera, khosi ngati la nkhuku ya chitopa. Ndamva munagwadira achimwene. Mawondo amenewo ine simunandigwadirepo, mukatuluka muno muyambe." Wodi yonse inafa nacho chiseko, mayi wina mpaka diripi inazuka. Ine ndinati, "Nachisale, ndagwada kale, kungoti windo latalika simukuona."

Chala chawo 91. Akuti mawa m'mawa ayesa kuchepetsa mpweya.

Lachitatu, 25 Juni

A Jeremiya anafika ndi galimoto monga ananenera, kabokosi koyera kopanda galasi limodzi. Anandipeza pakhonde la wodi ya amayi nditavala malaya anga a kutchalitchi amene Tiyanjane anachapa. Tinakhala pabenchi limodzi ngati anthu odikira mlandu.

M'mawa anali atachepetsa mpweya, chala chikuti 93. Kenako adokotala anazimitsa makina n'kuchotsa timapaipi kuti aone. Tiyanjane ankatuluka n'kumatiuza. Koyamba 92. Ndinasiya kupuma ine kuti mpweya wa pakhondepo upite kwa iwo. Kachiwiri 92. Atadya phala, 93.

Adokotala anatuluka nati makina akhala pambali pa bedi, usiku mwina awabwezerapo pang'ono, jakisoni apitiriza, koma munthu akubwerera. A Jeremiya anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso. Anati, "Wa galimoto ndimuuza chiyani tsopano?" Mwamwayi a Pitala anali atatulutsidwa lero lomwe, alibe chokwera. Apita nawo mpaka ku Mitundu atakhala kutsogolo ngati bwana, ndi mabulangete athu akuda kumbuyo.

Nthawi ya alendo anandilola kulowa nditavala chotseka pakamwa. Ndinali nditakonza nkhani zisanu, ya ng'ombe, ya singano, ya mmene ndinagonjetsera alamu ndi dzanja limodzi. Nditafika pabedi zonse zinathawa. Achepa, amake Tiya. Pamphuno pali mabala a timapaipi. Anatsegula maso n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumimba. Anakweza chala pang'onopang'ono n'kuloza pachifuwa panga. Ndinawerama kuti ndimve.

Anati, "Mwaphonya batani."

Basi. Anatsekanso maso, dzanja lawo lili pamalaya anga.

Kope ili ndidzawawerengera akadzakhala pakhonde kwathu, ndipo adzandigwira, choncho ndineneretu. Za dzulo za pawindo zija ndinapeka. Panjerwa ndinakweradi, koma anali m'tulo, kukamwa kuli yasa, makina akulira. Sanadzuke, sananditchule, palibe anaseka. Ndinaima mpaka mlonda anandichotsa, ndiye ndinakakhala pansi pa mtengo n'kudzilembera ndekha matukwano amene ndinawasowa.

Za batani n'zoona, Tiyanjane ndi mboni. Sindinalikonze. Mawa ndipitanso nalo chomwecho.